Zilembo Zonenepa

Dzulo, tili pafupi kutseka shopu ku Kamwala,
kompyuta inandifunsa mwaulemu ngati mlendo:
kodi ndiike dalaiva watsopano wa zithunzi?
Ndinadina Inde, chala chili noninoni ndi mafuta a zitumbuwa,
maso ali pa minibasi ya ku Chawama imene inali kudzaza.

Lero ndayatsa, ndapeza zonse zatupa.
Zilembo zanenepa usiku umodzi wokha,
kafoda ka malisiti kakula ngati chitseko cha filiji,
batani losungira ntchito lagwera kunsi kwa galasi,
mausi akulisaka, osalipeza.
Mkwatibwi wa Loweruka lino, amene khadi lake ndikonza,
wasanduka njerwa zosanja:
mphuno mabokosi anayi,
kumwetulira masitepe.

Ndatsegula pa zosankha.
Mzere umodzi wokha, wotuwa, wouma khosi:
800 ndi 600.
Anzake onse abalalika
ngati ogulitsa mumsewu wa Lumumba
akaona galimoto ya khonsolo.

Ndazimitsa, ndayatsa.
Ndazimitsa, ndayatsa.
Ndazula chingwe, ndauzira m'timano take, ndabwezera.
Zii.
Tikambenji wa pa makina osindikizira akuseka chammimba,
akuti wailodza ndiwe wekha, uilodzolenso wekha.
Bandulo yatsala pang'ono,
ndipo magetsi, akuti, athima teni koloko.

Apa alowa a Nkhuwa, eni shopu,
magalasi awo omanga mwendo ndi ulusi wakuda
ali m'thumba la shati.
Aima kumbuyo kwanga, mapazi atatu kuchokera pa tebulo.
Ha, atero, koma lero ndikuona!
Ndipo ayamba kuwerenga mokweza
maina a angongole, mmodzimmodzi,
tchalitchi cha ku Kanyama, sukulu ya mkaka ya ku Misisi,
mlamu wawo yemwe, ndi tsiku lake,
mawu akunjenjemera ngati mwana wa giredi wanu
amene wangozindikira kuti bolodi limalankhula.

Ine mutu uli kwa mkwatibwi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero,
koma nkhonoyo sinalipire dipoziti.
Ndailowetsa kompyuta pakhomo la kuseri,
kumene imayenda yosavala zokongoletsa,
ndamugwira dzanja dalaiva wa dzuloyo,
ndamuperekeza mpaka kunja.
Wakale ndamupeza m'kafulashi
kolendewera pa makiyi a kunyumba,
pakati pa nyimbo za kwaya ndi kalata yofunsira ntchito
imene sindinatumize.

Sikirini yaphethira. Bii.
Mumdimamo ndaona nkhope ziwiri,
yanga yothimbirira thukuta,
ndi ya a Nkhuwa itasuzumira paphewa langa.
Yaphethiranso.

1920 ndi 1080.
Mkwatibwi wabwerera yense,
nsidze, ndolo, ngakhale kachipsera ka pachibwano
kamene anandipempha kuti ndikabise.
Tikambenji waomba m'manja kawiri, wabwerera ku inki yake.

A Nkhuwa sanaombe.
Asendera phazi limodzi, lina,
mpaka mpweya wawo wachita nthunzi pa galasi.
Apisa m'thumba, avala magalasi a ulusi aja,
apendeketsa mutu.
Mwana wanga, atero chapansipansi,
zilembo zanga wazitaya kuti?

Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pampando uno.
Ndimadziwa kulira kwa fani iliyonse,
ndimadziwa soketi imene imaluma.
Sindinadziwe kuti mkuluyu amasaina malisiti
poloweza pamene pali mzere.

Ndabwerera pa zosankha.
Timadontho ndatisiya momwemo, mkwatibwi asaswekenso,
koma zilembo ndazikuza,
pang'ono, pang'ononso,
mpaka atero: basi, pamenepo.

Ndadula kapepala, ndamata pakona ya sikirini:
ikafunsanso, uyambe waganiza.
Teni koloko yakwana, magetsi sanathime.
A Nkhuwa akokera mpando pafupi,
afika pa dzina la mlamu wawo,
atulutsa foni.